NIACIN NDI WA M'MBALE, OSATI WA M'BOTOLO

Nthawi ya cakudya ca masana ikakwana ku Longacres, anthu a m'maofesi amatuluka kukadya nsima pa msika, ndipo nkhani za pa mabenchi amenewo si za mpira ndi ndale zokha ai. Masiku ano mumamva za shuga, za BP ndi za mafuta a m'magazi, amene madotolo amati kolesitero. Aliyense ali ndi mankhwala amene anamva kwa mnzake. Ndi pa benchi lotere pamene mlamu wanga, dalaivala wa pa ofesi ina kumeneko amene akhala ku Kabwata, anamva za mapiritsi a niacin.

Mlamu wangayu anapitirira zaka 50 ndipo wakhala akumwa metformin kwa zaka zingapo kamba ka matenda a shuga. Atapimitsa magazi, pepala linaonetsa kuti mafuta ena ndi okwera, pamene aja amati ndi abwino ndi ocepa. Mnzake wa pa nchito anamuuza kuti asadzibvute ndi mzere wa ku kiliniki, pali vitamini wongogula m'sitolo amene amakonza zonsezi. Anakagula botolo pa sitolo ina m'tauni, nayamba kumwa mapiritsi a mamiligalamu 500, poyamba limodzi pa tsiku, kenaka awiri, kenaka atatu.

Tsiku loyamba lomwe nkhope ndi khosi zinatentha ngati wakhala pafupi ndi mbaula, thupi lonse kuyabwa. Mnzake uja anati ndiye kuti mankhwala ayamba kugwira nchito. Patapita masabata angapo ludzu linakula, usiku kudzuka kanai kukataya madzi, masana kuodzera ali pa ciongolero. Mlongo wanga ndiye anamkoka kupita naye ku kiliniki, kumene anapeza kuti shuga amene anali wodekha kwa nthawi yaitali wakwera kwambiri. Anamwino anafunsa kuti, "Atate, kodi pali cina cimene mukumwa kupatula mankhwala amene timakupatsani kuno?" Mlamu anayankha kuti, "Palibe amai, koma mavitamini cabe."

Mau akuti "mavitamini cabe" ndiwo andicititsa kulemba nkhaniyi. Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyera: munthu wodwala shuga asamwe mapiritsi akuluakulu a niacin pofuna kutsitsa mafuta a m'magazi, pokhapokha dotolo wodziwa bwino matenda ake atamlembera pa cifukwa capadera. Niacin amene thupi lifuna ali m'mbale ya ndiwo. Wa m'botolo amakongoletsa pepala la magazi, koma mtima sauteteza, ndipo shuga amamsokoneza.

KODI NIACIN NDI CIANI?

Niacin ndi vitamini B3. Thupi limamfuna kuti lisandutse cakudya kukhala mphamvu, ndipo limamfuna pang'ono cabe: mwamuna wamkulu mamiligalamu 16 pa tsiku, mkazi 14. Amapezeka mu nshawa, nyama ya nkhuku, ciwindi, nsomba, kapenta, nyemba ndi bowa. Cimanga naco cili naye, koma womangika, mwakuti matumbo athu amalephera kumtenga wambiri. Anthu a ku Mexico, kumene cimanga cinacokera, amayamba aciphika m'madzi a laimu kapena a phulusa asanacipere, ndipo njira imeneyi imamasula niacin. Cimanga cinafika kwathu kuno popanda nzeru imeneyo. Ife cimene cimatipulumutsa ndi ndiwo: ciwawa cotendera, kapenta, nyemba.

Ndiwo zotere zikasowa kwa miyezi kumabwera matenda ochedwa pellagra. Khungu la pakhosi, pamanja ndi pamapazi, pamene pamaomba dzuwa, limada ndi kusupuka ngati lapsa ndi moto. Munthu amatsegula m'mimba, ndipo pomaliza mutu umasokonezeka. Anthu a kum'mawa akumbukira abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene ena anakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke. Anzao amene anathawira kum'mwera kwa Malawi anaona zoopsa mu 1990. Nshawa zinaleka kugawidwa m'misasa kwa miyezi ingapo, ndipo pakati pa Febuluwale ndi Okutobala caka cimeneco anthu pafupifupi 18,000 anadwala pellagra. Mliriwo unazilala nshawa ndi mavitamini zitayamba kugawidwa.

Conco palibe amene akunena kuti niacin ndi woipa. Anthu omwa kacasu kwambiri osadya bwino, ndiponso ena omwa mankhwala a TB ochedwa isoniazid, angathe kusowa vitamini ameneyu, ndipo acipatala amadziwa kuwathandiza. Timapiritsi ta B-co timene mumapatsidwa ku kiliniki tili ndi muyezo waung'ono. Ngati anakupatsani, pitirizani kumwa. Nkhani yathu lero ndi ya muyezo wina.

VITAMINI AKASANDUKA MANKHWALA

Kuti niacin atsitse mafuta a m'magazi pamafunika mamiligalamu 1,000 kufika 2,000 pa tsiku, nthawi zina 3,000. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mamiligalamu 2,000 ndi muyezo wa mwamuna wamkulu wa masiku 125, womwedwa tsiku limodzi. Magalamu 100 a nshawa ali ndi mamiligalamu pafupifupi 12, ndiye kuti wofuna kupeza muyezo umenewu m'cakudya ayenera kudya makilo a nshawa oposa 16 dzuwa lisanalowe. Cinthu ca muyezo wotere si cakudya. Ndi mankhwala amphamvu, ngakhale pa botolo alembepo kuti vitamini. Mcere nawonso ndi wabwino m'ndiwo, koma palibe mai amene amathira thumba lonse mumphika.

Nzeru yomwa niacin wambiri inayambira ku Canada mu 1955, pamene Rudolf Altschul ndi Abram Hoffer anapeza kuti muyezo waukulu umatsitsa kolesitero. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala ena odalirika, motero madotolo anakondwera. Mu 1966 ku America anayamba kafukufuku wamkulu wochedwa Coronary Drug Project, wa amuna 8,341 amene anadwalapo kale mtima. Zotsatira zake za mu 1975 zinaonetsa kuti amene anamwa niacin sanadwalenso mtima kawirikawiri monga anzao, ndipo atapitiriza kuwalondola, lipoti la mu 1986 linaonetsa kuti imfa zinali zocepa ndi 11 pa 100. Mbiri yabwino ya niacin inacokera pamenepo, ndipo ndi mbiri yomweyo imene ikuyendabe m'mafoni ndi pa mabenchi lero.

CIFUKWA CAKE ODWALA SHUGA AMAKOPEKA

Aliyense wokhala mu Lusaka adziwa zoyera zija zimene madzi athu amasiya m'ketulo ndi m'mipopi, mpaka mpopi kuyamba kutulutsa madzi pang'onopang'ono. Mafuta ochedwa LDL amacita cimodzimodzi m'mitsempha ya magazi. Amaunjikana m'mbali mwa mtsempha zaka ndi zaka, ndipo tsiku lina njira imatsekeka. Ikatsekeka ku mtima munthu amagwa ndi nthenda ya mtima. Ikatsekeka ku ubongo ndiyo sitoroko, kufa ziwalo mbali imodzi. Ikatsekeka kumiyendo cilonda ca kuphazi sicipola, ndipo mwendo ungadulidwe. Wodwala shuga ali pa ngozi ya mtima ndi sitoroko kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi munthu wopanda shuga.

Pa pepala la magazi pamakhala maina ena awiri. HDL ndi aja amati mafuta abwino, cifukwa anthu amene ali nawo ambiri mwacibadwa sadwala mtima kawirikawiri. Ma triglyceride ndi mafuta amene amakwera ndi kunenepa, mowa, zotsekemera ndiponso shuga wosasamalidwa. Odwala shuga ambiri amapezeka ndi ma triglyceride okwera ndi HDL wocepa. Tsono niacin amagwira pomwepo: amakweza HDL ndi 15 mpaka 35 pa 100, natsitsa ma triglyceride ndi 20 mpaka 50 pa 100. Wodwala akabwerera kukapimitsa amapeza manambala okoma, nayamba kuuza anzake.

Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu samwa mankhwala kuti pepala likome. Amamwa kuti asagwe pa nchito, kuti asagone pamphasa ana akali pa sukulu. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi omwa niacin amapulumuka ku mtima ndi sitoroko kuposa amene samwa?

ZIMENE ANAPEZA ATAYESA

Funso limeneli linayankhidwa kawiri. Pofika m'zaka za m'ma 2000 odwala mtima ambiri anali atayamba kumwa mankhwala atsopano a gulu la statin, ndipo akatswiri anafuna kudziwa ngati kuonjezerapo niacin kungathandize.

Kafukufuku woyamba, wochedwa AIM-HIGH, anacitika ku America ndi Canada pa anthu 3,414, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anali wodwala shuga. HDL anakweradi mwa omwa niacin. Koma amene anadwala mtima, sitoroko kapena kumwalira ndi matendawa anali 16 pa 100 mbali zonse ziwiri, omwa niacin ndi osamwa. Mu Meyi 2011 analengeza kuti aimitsa kafukufukuyo nthawi yake isanakwane, poona kuti phindu palibe.

Waciwiri, wochedwa HPS2-THRIVE, anayendetsedwa ndi yunivesite ya Oxford pa anthu 25,673 a ku Britain, China ndi maiko a kumpoto kwa Ulaya, kwa zaka pafupifupi zinai. Oposa 8,000 mwa iwo anali odwala shuga. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2014. Odwala mtima ndi sitoroko anali 13.2 pa 100 mwa omwa niacin ndi 13.7 pa 100 mwa osamwa, kusiyana kocepa kwambiri kosati n'kudalira. Koma zoipa zinaoneka bwino lomwe. Mwa odwala shuga, amene shuga wao anasokonezeka koopsa, ambiri mpaka kugonekedwa m'cipatala, anali 11.1 pa 100 mwa omwa niacin ndi 7.5 pa 100 mwa osamwa. Mwa amene analibe shuga poyamba, 5.7 pa 100 mwa omwa niacin anapezeka naye, pamene mwa osamwa anali 4.3. Kutaya magazi m'thupi ndi matenda oopsa a tizilombo nazo zinaculuka mwa omwa niacin.

Zitatere, kampani ya Merck inacotsa pa msika piritsi lake la Tredaptive mu Januwale 2013, itangoona zotsatira zoyamba. Mu Epulo 2016 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linacotsa cilolezo ca mapiritsi ophatikiza niacin ndi statin. Bungwe la American Diabetes Association, limene malangizo ake amawerengedwa ndi madotolo a maiko ambiri, silibvomereza kuonjezera niacin pa statin. Maiko amene anayamba nzeru imeneyi ndi omwe anaisiya. Ife tisatole cimene eni ake anataya.

ZIMENE NIACIN WAMBIRI AMACITA M'THUPI

Matenda a shuga a akuluakulu amabwera cifukwa thupi silimvera bwino insulin, imene nchito yake ndi kutsegulira shuga njira kuti acoke m'magazi alowe m'minofu. Metformin amathandiza thupi kumvera. Niacin wambiri amalicititsa kusamva. Womwa zonse ziwiri ali ngati munthu wotunga madzi ndi cidebe cobooka. Izi ndizo zinacitikira mlamu wanga.

Kutentha ndi kuyabwa kwa nkhope kumabwera cifukwa timitsempha ta pakhungu timatseguka. Si cizindikiro cakuti mafuta akusungunuka ai. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka kwenikweni, koma kutentha kumamveka, ndipo mowa kapena tiyi wotentha zimaonjezera. Wina amamva cizungulire, makamaka ngati akumwanso mankhwala a BP.

Niacin wambiri angaononge ciwindi, makamaka mtundu uja wosungunuka pang'onopang'ono umene umagulitsidwa popanda kalata ya dotolo. Zizindikiro zake ndi mseru, kutopa, maso acikasu ndi mkodzo wakuda. Amadzutsanso gout, nthenda yotupitsa cala cacikulu ca kuphazi, ndipo amatokosa zilonda za m'mimba. Palinso mabotolo olembedwa kuti niacin wake satentha nkhope, ndi ena olembedwa nicotinamide kapena niacinamide. Amenewa satsitsa n'komwe mafuta a m'magazi. Wogula amangotaya ndalama ya unga.

OTSUTSA ANGANENE CIANI?

Wina anganene kuti, nanga kafukufuku wa 1975 uja anali wabodza? Sanali wabodza. Koma anacitika ma statin asanabwere, pakuti woyamba anabvomerezedwa mu 1987. Panthawiyo niacin anali kupikisana ndi kusamwa kanthu. Lero akupikisana ndi mankhwala amene amagwira bwino kuposa iye, osabvuta kumwa ndiponso ochipa. Njinga inali yothandiza kalelo popita ku Chipata, koma basi ilipo tsopano.

Wina amene anawerengako anganene kuti mu 2000 kafukufuku wochedwa ADMIT anaonetsa kuti niacin amakweza shuga pang'ono cabe. Zoonadi. Koma odwala shuga m'menemo anali 125 okha, ndipo anali m'manja mwa madotolo amene anali kuwapima kawirikawiri. Anayang'ana manambala a pa pepala, osati kupulumuka ku sitoroko. Wogula botolo yekha m'tauni alibe womupima.

Wina anganene kuti piritsi la ku Oxford lija linali losakaniza ndi mankhwala ena oletsa kutentha kwa nkhope, ochedwa laropiprant, ndiye mwina colakwa cinali cimeneco. Koma mu AIM-HIGH munalibe laropiprant, ndipo namonso phindu silinaoneke.

Cina cimene ndiyenera kubvomereza ndi cakuti alipo odwala owerengeka amene dotolo wa ukatswiri angawalembere niacin, monga amene ma triglyceride ao ndi okwera modetsa nkhawa ndipo mankhwala ena awakana. Zikatero dotoloyo amapima shuga ndi ciwindi kawirikawiri. Ngati inu ndinu mmodzi wa iwo, musaleke nokha kamba ka nkhani ya m'nyuzipepala. Pitani nayo nkhaniyi kwa dotolo wanu mukakambirane.

NANGA TICITE CIANI?

Kukana niacin sikutanthauza kuiwala za mafuta a m'magazi. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti mwa anthu a zaka 18 mpaka 69 muno mu Zambia, pafupifupi 6 pa 100 anali ndi shuga wokwera, ndipo pafupifupi 19 pa 100 anali ndi BP yokwera. M'komboni iliyonse muli nyumba imene atate kapena amai anagwa ndi sitoroko, banja lonse n'kugwa nawo pamodzi.

Mankhwala amene aonetsa kuti amateteza ndi ma statin, monga simvastatin ndi atorvastatin. Amacepetsa LDL amene ciwindi cimapanga. Mu 2003 kafukufuku wa Heart Protection Study ku Britain, mmene munali odwala shuga 5,963, anaonetsa kuti simvastatin amacepetsa mtima ndi sitoroko ndi gawo limodzi mwa magawo anai kapena kucepera pang'ono, ngakhale kwa amene kolesitero wao sanali wokwera kwenikweni. Mu 2004 kafukufuku wa CARDS, wa odwala shuga 2,838 amene anali asanadwalepo mtima, anapeza kuti kapiritsi ka atorvastatin ka mamiligalamu 10 pa tsiku kanacepetsa matenda akulu a mtima ndi mitsempha ndi 37 pa 100, ndipo sitoroko ndi 48 pa 100. Nayenso anaimitsidwa nthawi isanakwane, koma cifukwa cake cinali cosiyana ndi ca niacin: phindu linali loonekeratu mwakuti sikunali cilungamo kumana enawo mankhwala. Mu 2007 World Health Organization inaika simvastatin pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse, ndipo malangizo ake ndi akuti wodwala shuga wa akuluakulu wa zaka zoposa 40 apatsidwe statin.

Ma statin nawo ali ndi zobvuta zao, ndipo sindibisa. Ena amamva kuwawa m'minofu. Angakweze shuga pang'ono, koma pang'ono pameneka pamalipidwa ndi mtima wotetezedwa, cimene niacin analephera kuonetsa. Mai woyembekezera, woyamwitsa kapena wofuna kutenga pathupi auze acipatala asanayambe kumwa. Womwa ma ARV achule dzina la mankhwala ake, cifukwa aja okhala ndi ritonavir samwedwa pamodzi ndi simvastatin, ndipo dotolo amasankha statin wina. Minofu ikawawa kwambiri, mkodzo n'kuda ngati tiyi, pitani kucipatala tsiku lomwelo. Kwa amene statin wawakana kapena sakukwanira, kuli mankhwala ena monga ezetimibe amene dotolo angaganizire.

Zina zili m'manja mwathu pakhomo. Shuga akasamalidwa bwino, ma triglyceride amatsika okha. Cepetsani saladi mumphika, vitumbuwa, machipisi, soseji ndi mafuta a pa michopo. Zakumwa zotsekemera ndi mowa zimakweza ma triglyceride msanga. Unga wa roller kapena mgaiwa uposa wa breakfast, ndipo ndiwo zamasamba ziculuke kuposa nsima. Nshawa ndi zabwino, koma dzanja limodzi pa tsiku likwanira, zopanda mcere, pakuti nazonso zimanenepetsa. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Wogwira nchito ku Longacres akhoza kutsika minibasi patali pang'ono, kotsalako n'kumaliza ndi miyendo. Fodya ndiye wofunika kuleka lero lomwe, pakuti amaononga mitsempha ndi kutsitsa HDL yemweyo amene anthu akumfuna m'botolo.

PEMPHO LANGA

Kwa anchito a zaumoyo m'makiliniki a Kabwata ndi Chelstone, m'zipatala za Chilenje, Matero, Kanyama ndi Chawama, mpaka ku UTH: tikudziwa kuti mizere ndi yaitali ndipo manja ndi ocepa. Komabe wodwala shuga akabwera kudzatenga mankhwala, nkhani isathere pa shuga ndi BP. Muuzeni za mafuta a m'magazi, ndipo wa zaka zoposa 40 muganizireni statin. Wodwala amene sanauzidwe kanthu kucipatala amakamva pa benchi. Funsaninso monga anafunsira anamwino aja, ndipo chulani mau akuti mavitamini ndi zitsamba, cifukwa anthu ambiri saziwerengera ngati mankhwala.

Kwa ogulitsa mankhwala: munthu wacikulire akafuna niacin wa mamiligalamu 500, mfunseni ngati ali ndi shuga, gout, zilonda za m'mimba kapena bvuto la ciwindi. Funso limodzi lingapulumutse kasitomala amene adzakugulani zaka zambiri. Bungwe la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala. Ogula ali ndi ufulu wofunsa ciphaso cimeneco, ndipo ndi bwino kupewa mapiritsi ogulitsidwa m'zikwama m'maofesi ndi pa WhatsApp.

Kwa ana athu a ku Woodlands ndi Kabulonga, ndi a ku Johannesburg ndi London, amene mumagulira makolo mabotolo a mavitamini: mtima wanu ndi wabwino, ndipo tithokoza. Koma ngati amai kapena atate ali ndi shuga, ndalama imeneyo igwire nchito ina. Alipirireni kupimitsa magazi, aguleni kamakina kopimira shuga ndi timapepala take, onani kuti metformin ndi statin sizikutha m'nyumba. Amene ali pa NHIMA afunse zimene khadi lao lingawathandize pa kupima ndi pa mankhwala.

Kwa inu odwala ndi osamala odwala: pa tsiku la kiliniki longezani m'thumba botolo lililonse limene mumamwa, la kucipatala, la m'sitolo, locokera kwa acibale, ndi zitsamba zomwe. Werengani zolembedwa kumbuyo. Mukaona mau akuti niacin kapena nicotinic acid ndi nambala ya m'mazana, monga 250, 500 kapena 1,000, aonetseni anamwino. Kenaka funsani mafunso awiri: "Kodi mafuta anga a m'magazi ali bwanji?" ndi "Kodi ndiyenera kumwa statin?" Musacite manyazi. Safunsa anadya phula.

Mlamu wanga analeka niacin monga anamuuzira acipatala, ndipo shuga wake anabwerera m'malo patapita masabata owerengeka. Tsopano amamwa metformin wake ndi kapiritsi kamodzi ka atorvastatin madzulo. Botolo lija mlongo wanga analisunga pamwamba pa kabati kuti aziwaonetsa azimai a ku chalichi. Masana mlamu akupitabe pa msika wa Longacres, pa benchi lomwe lija, ndipo mbale yake masiku ano ndi nsima yocepa, kapenta ndi ciwawa cotendera. Niacin ali momwemo.